Ng'oma Yaikulu ndi Mazira a Dokowe

Yunike anali mtsikana wa ku Uraha. Anali mu Sitandade 3. Anali wamfupi, koma sankaopa kulankhula. Akafuna kunena chinthu, ankayang'ana munthu m'maso.

Yunike ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona ana a dokowe.

Kuseri kwa mudzi kunali chigwembe. Chigwembecho chinali chakuya. Pansi pake pankayenda kamtsinje. Tsidya lina kunali thanthwe lalitali. Pathanthwepo panali kakhonde. Pakakhondepo panali chisa.

Sichinali chisa cha mpheta ayi. Chinali chachikulu kuposa lichero. Chinali cha timitengo ndi udzu. Eni ake anali adokowe awiri akuda.

Adokowewo anali okongola. Msana wakuda. Mlomo wofiira. Miyendo yofiira, yaitali ngati bango. Poyenda ankanyada. Ankaponda pang'onopang'ono, ngati dziko lonse ndi lawo.

Yunike akaweruka kusukulu, ankathamangira kuchigwembe. Sankatsikira pansi. Ankagona chafufumimba pansi pa mtengo wa bwemba. Ali pamenepo, ankaona chisa bwinobwino.

Sankaimba. Sankatsokomola. Nyerere ikamuluma, ankangoluma mano. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lina dokowe anaimirira pachisa. Yunike anatong'ola maso. Mazira! Limodzi. Awiri. Atatu. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe.

Adokowewo ankasinthana. Wina ankafungatira mazira. Wina ankasaka tinsomba ndi achule mumtsinje. Kenako wosaka ankabwera. Wofungatira ankapita. Mazira sankakhala okha.

Kusukulu, Yunike anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, adokowe amachokera kuti?"

Aphunzitsi ake anali a Margaret. Kwawo kunali ku Zomba. Iwo anamwetulira.

"Adokowe ndi apaulendo," anatero. "Amabwera. Amaswa ana. Ana akakula, onse amanyamuka. Amakafuna madambo ena. Abale awo ena amadutsa mayiko ambiri."

"Nanga pamalire a dziko, pa Songwe, sawafunsa chiphaso?" anafunsa Yunike.

Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsi nawonso anaseka.

"Sawafunsa, mwana iwe. Koma ulendo wawo ndi woopsa. Panjira pali malegeni. Pali misampha. Pali moto wa tchire. Madambo ena amauma. M'mitsinje ina anthu amatsukiramo mankhwala a thonje. Amanyamuka ambiri. Amabwerera ochepa."

Ana anasiya kuseka.

"N'chifukwa chake dzira lililonse ndi lofunika," anatero aphunzitsi.

Yunike anasunga mawu amenewo.

Tsono bambo a Yunike anali a Morton. A Morton anali kingi wa gule wa malipenga. Kingi ndiye mtsogoleri wa ovina. Eee, anthu inu, a Morton ankaukonda gule! Ankavina popita kumunda. Ankavina pobwera kumunda. Ngakhale posamba m'manja, mapewa awo ankagwedezeka.

Tsiku la ufulu linali pafupi. Atcheyamani a chipani anali atalengeza kale. Mudzi uliwonse uvine! Masiku amenewo, a chipani akanena, munthu sankati "ndatopa".

Koma a Morton anali ndi nkhawa ina. Nkhawa yawo inali gulu la ku Mlare. Chaka chatha, a ku Mlare anatuma kazitape. Kazitapeyo anaonera a ku Uraha akukonzekera. Anaba sitepe yawo yatsopano. Pa tsiku la gule, a ku Mlare ndi amene anayamba kuivina. A Morton anachita manyazi kwambiri.

"Chaka chino satibera," anatero a Morton. "Tikabisala."

"Mukabisala kuti, Adada?" anafunsa Yunike.

"Kuchigwembe, pansi pa thanthwe. Kumeneko kulibe maso."

Yunike anasiya kutafuna chinangwa chake.

"Maso aliko, Adada. Kuli adokowe."

"Adokowe sangakauze a ku Mlare," anatero a Morton, uku akuseka.

Masana a mawa lake, ovina anatsikira m'chigwembe. Ananyamula malipenga awo a zipanda. Ananyamula ng'oma yaikulu. Woimba ng'oma anali a Hudson. Manja awo anali ngati makasu.

Yunike anali pamwamba, pansi pa bwemba.

A Hudson anamenya ng'oma.

Gu!

Thanthwe linayankha. Gu! Gu! Gu!

"Tamverani!" anafuula a Morton. "Ng'oma imodzi ikumveka ngati zitatu! Menyaninso!"

Gu! Gu! Gu! Malipenga nawo analira. Pee! Pee! Pee!

Dokowe anadzidzimuka. Anatambasula mapiko. Phaa! Anauluka. Mnzake nayenso anauluka. Anazungulira m'mwamba. Anazungulira, nazungulira. Sanatere.

Mazira anatsala okha.

Mphepo ya mwera inkawomba. Inali mphepo yozizira. Pamtengo wouma panatera khwangwala. Anapendeka mutu. Anayang'ana chisa.

Yunike anatsetsereka mpaka pansi. Fumbi linali kobo!

"Adada! Imani! Adokowe athawa!"

A Morton anamusisita pamutu.

"Abweranso, mwana wanga. Mbalame siidana ndi ng'oma. Ndani amadana ndi ng'oma?"

"Mazira azizira, Adada."

"Pita kunyumba, Yunike. Ife tili pantchito."

Yunike anapita. Koma anapita atakwiya.

Tsiku lachiwiri, zinachitikanso. Gu! Gu! Gu! Adokowe anathawa. Khwangwala anabwera. Lero sanangoyang'ana. Anatera pachisa penipeni.

"Choka!" anafuula Yunike. "Choka, mbala iwe!"

Koma ng'oma inameza mawu ake.

Ovina atapita, Yunike anatsikira pansi pa thanthwe. Anayang'ana pamiyala. Anapeza chikamba cha dzira. Chinali choyera. Chinali chopanda kanthu m'kati.

Yunike analira. Analira chifukwa zinamupweteka. Mazira anali atatu. Tsopano anatsala awiri.

Kenako anapukuta misozi. Anakulunga chikambacho m'tsamba. Anapita nacho kunyumba.

Tsiku lachitatu, Yunike anafika msanga. Anadikira panjira yotsikira kuchigwembe. Ovina anafika. A Hudson anatula ng'oma kuti apume.

Yunike anamasula tsamba lija. Anaika chikamba cha dzira pamwamba pa ng'oma.

Onse anasendera pafupi.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa a Hudson.

"Linali dzira," anatero Yunike. "Likanakhala dokowe. Ng'oma yanu inathamangitsa mayi wake. Khwangwala anadya. Atsala awiri."

A Hudson anabisa manja awo kumbuyo.

A Morton ananyamula chikambacho. Anachitembenuza. Sanasekenso.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Unanena zoona. Ine sindinamve."

"Ndiye musatsike, Adada."

A Morton anapuma mozama.

"Nanga tipite kuti? Tsiku layandikira. Kuvina tiyenera kuvina. Tikapita pabwalo, a ku Mlare atibera."

Yunike anali ataganiza kale.

"Pitani kudambo, Adada. Mpunga tinakolola. Minda ili mbee."

Ovina anaseka. Wina anagwira m'mimba.

"Kudambo? Poyera paja? Aliyense akationa!"

"Inde," anatero Yunike. "Aliyense akakuonani. Koma ifenso tikamuona aliyense."

"Inu ndani?" anafunsa a Morton.

"Ife ana. Mpunga uja analondera ndani? Si ife? Nsanja zathu zikadalipo. Zingwe zikadalipo. Zitini zikadalipo. Mpheta ndi kakang'ono, koma timakaona kali kutali. Nanga munthu wa ku Mlare, ndi mutu wake wonse uja?"

A Hudson anaseka mpaka kukhala pansi.

"Kingi, mwana uyu ndi wanu ndithu!"

A Morton anakanda chibwano. Anayang'ana chigwembe. Anayang'ana mwana wawo.

"Chabwino," anatero. "Tiyesa. Koma tamvetsera, Yunike. Kazitape akadutsa osaoneka, tibwerera kuchigwembe. Sindikufuna manyazi kawiri."

"Sadutsa, Adada," anatero Yunike. "Yewo."

Yunike anathamanga m'mudzi monse. Anaitana mnzake Ambokile. Anaitana Dora. Anaitana ana onse olondera mpunga.

"Kale tinkathamangitsa mbalame," anawauza. "Lero tizithandiza."

"Tithandize mbalame?" anadabwa Ambokile. "Zija zimatidyera mpunga?"

"Izi sizidya mpunga. Zimadya achule."

"Ooo! Ngati ndi achule, zidye," anatero Ambokile.

Ana anakwera pansanja zawo. Wina kummawa. Wina kumadzulo. Wina kunjira ya ku Mlare. Anamanganso zingwe. Anapachikanso zitini. M'zitinimo anaikamo timiyala.

Pakati pa dambo, ovina anayamba. Gu! Gu! Gu! Kuno kunalibe thanthwe loyankha. Ng'oma imodzi inamveka ngati imodzi. Chigwembe chinali kutali.

Posakhalitsa, zitini zinalira. Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Ovina anaima. Anayang'ana uku ndi uku.

Inali ng'ombe.

"Ambokile!" anakalipa a Morton. "Ng'ombe imaba sitepe?"

"Pepani, a Kingi," anatero Ambokile. "Imayenda mokayikitsa."

Masiku anapita. Ana ankalondera. Ovina ankavina. Dzuwa linkawotcha pansanja. Yunike sankatsika.

Ndiye masana ena, Yunike anaona kanthu. Kutali, panjira ya ku Mlare, kunali kafumbi. M'kafumbimo munali njinga. Njingayo inaima. Mwini wake anaigoneka m'maudzu. Anayamba kuyenda chowerama. Anabisala kuseri kwa chulu.

Yunike anakoka chingwe ndi manja awiri.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Dora nayenso anakoka. Ambokile nayenso anakoka. Dambo lonse linali ngwe ngwe ngwe!

A Morton anayang'ana Yunike. Yunike analoza chulu ndi mlomo.

A Morton anatsinzinira ovina diso.

"Anyamata, sitepe ya chaka chatha!"

Ovina anasintha msanga. Anavina sitepe yakale. Anaivina mwamphamvu. Anatuluka nayo thukuta.

Yunike anatsika pansanja. Anazungulira chulu. Anapeza munthu atanyonyomala. Anali a Zebedee a ku Mlare. Mapazi awo ankatsanzira ng'oma.

"Monire, a Zebedee," anatero Yunike mwaulemu.

A Zebedee analumpha ngati aponda moto.

"Ye... yewo, mwana."

"Mukufuna chiyani kuno?"

"Mbuzi yanga yasowa."

"Pepani. Ndi mbuzi yotani?"

A Zebedee anaganiza. Anaganizanso.

"Ndi ya miyendo inayi."

"Yotero sinadutse kuno," anatero Yunike. "Kunadutsa ng'ombe basi."

A Zebedee anasuzumiranso ovina. Anamwetulira okha. Anatola njinga yawo. Anapalasa akuimba mluzu.

"A ku Uraha alibe chatsopano!" anafuula ali patali. "Tsabola wakale sawawa!"

Fumbi lawo litatha, dambo lonse linaphulika ndi phwete. A Hudson anaseka mpaka misozi. A Morton ananyamula Yunike m'mwamba.

"Kuchigwembe sitibwereranso," anatero. "Ndalonjeza."

Yunike anasangalala. Koma mtima wake sunakhale pansi.

M'mawa mwake anadzera kubwemba asanapite kusukulu. Dokowe anali pachisa. Anali atafungatira. Koma kodi mazira aja anali amoyo? Paja anakhala pamphepo masana awiri.

"Aphunzitsi, dzira likazizira limaswa?" anafunsa Yunike.

"Nthawi zina limaswa," anatero a Margaret. "Nthawi zina siliswa. Ine sindikudziwa, Yunike. Tidikire."

Yunike anadikira. Kudikira kunali kowawa. Ankapita kubwemba. Dokowe ali khale. Ankapitanso. Dokowe ali khale. Pachisa panalibe chatsopano.

Tsiku la ufulu linafika. Anthu anadzaza bwalo la ku Mlare. Mbendera zinali petupetu. Amayi anavala nsalu za chipani.

Ovina a ku Uraha analowa pamzere. Anavala zoyera zokhazokha. Malaya oyera. Kabudula woyera. Sokosi zoyera zofika m'mawondo. A Morton anali patsogolo, atatulutsa chifuwa.

Gu! Gu! Gu! Pee! Pee! Pee!

Anayamba sitepe yatsopano. Palibe anali ataionapo. Amayi analulutira. Ana anakwera m'mitengo. A ku Mlare anangoti kukamwa yasa. A Zebedee ankangokanda mutu.

Yunike anawomba m'manja. Ananyadira bambo ake. Koma maso ake ankathawira kumapiri a kwawo.

Gule atatha, a Morton anabwera. Thukuta linali kamukamu. Anayang'ana nkhope ya Yunike. Anamvetsa.

"Tiye," anatero. "Tikawaone."

"Tsopano lino, Adada? Simuvula?"

"Tsopano lino."

A Bertha, amayi ake a Yunike, nawonso anatsatira. Anayenda ulendo wonse mpaka kubwemba. Dzuwa linali likadalipo.

"Apa timagona chafufumimba," ananong'ona Yunike.

A Morton anagona pafumbi.

"Malaya awo!" anadandaula a Bertha. "Wochapa ndine!"

"Shhh, Amama," anatero Yunike.

A Bertha nawonso anagona pafumbi.

Anadikira. Dokowe anali pachisa. Sanasunthe. Nyerere inaluma a Morton pamwendo. Anatsegula pakamwa. Yunike anawayang'ana. A Morton anatseka pakamwa.

Kenako dokowe wachiwiri anatulukira. Anachokera kumtsinje. Anatera pakakhonde. Wofungatira uja anaimirira pang'onopang'ono.

Pansi pake panagwedezeka kanthu.

Kamutu kamodzi kanadzuka. Kanali njenjenje. Kanayasamula kamlomo.

Yunike anagwira dzanja la amayi ake.

Kamutu kachiwiri kanadzukanso.

"Awiri!" ananong'ona Yunike. "Onse awiri aswa!"

Misozi inatsika m'masaya mwake. Iyi inali misozi yachimwemwe.

A Morton anatikita m'maso. Anayang'ananso.

"Koma Yunike," ananong'ona, "makolo ndi akuda. Bwanji ana ndi oyera?"

Zinali zoona. Tianapiye tija tinali toyera mbee, ngati thonje.

"Mwina adzada akakula," anatero Yunike.

A Morton anayang'ana tianapiye. Anayang'ana malaya awo oyera. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka, koma mopanda phokoso.

"Avala yunifomu yathu," ananong'ona. "Awa ndi a gulu langa."

"Ndiye muwasamale, a Kingi," anatero a Bertha.

"Ndiwasamala. Kuchigwembe kuno ng'oma ayi. Legeni ayi. Moto ayi. Mpaka atauluka."

"Nanga chaka chamawa, Adada?"

"Chaka chamawanso. Akadzabwera, adzapeze pakhomo pawo pali bata."

Tsidya lija, dokowe anaweramira ana ake. Anawapatsa tinsomba. Timitu tiwiri tinkalimbirana.

A Morton anakweza dzanja pang'onopang'ono. Ali chigonere pafumbi, anachitira sawatcha tianapiye tija ngati msilikali.

Yunike nayenso anakweza dzanja lake.